Tayala tisinthe tokha, koma tisaumire pogula

Amene kwawo ndi ku Chiradzulu akudziwa kuti minibasi imakusiya pamsewu wa tala basi. Ukatsika pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi, mtunda wotsala wopita kumudzi umatha ndi njinga yamoto ya kabaza. N'chimodzimodzinso kwa anthu a kumidzi yozungulira Namitambo, Thumbwe ndi Milepa. Boma lathuli ndi laling'ono, komabe kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kutali ndi msewu waukulu. Njinga zomwezi ndi zimene zimanyamula zigubu za mkaka m'mamawa, madengu a tomato ndi kabichi tsiku la msika, matumba a nandolo nthawi yokolola, komanso mayi wodwala amene akuthamangira naye ku chipatala cha pa boma kapena ku Nguludi pakati pa usiku. Ambiri a ife ophunzira timazikwera tikamapita kutchuthi, ndipo alipo ena pakati pathu amene fizi yawo imachokera m'thumba la achimwene awo oyendetsa kabaza.

Katundu yense ameneyu, pamodzi ndi miyoyo ya anthu, zimakhala pa matayala awiri, ndipo gawo la tayala limene limagunda pansi nthawi iliyonse siliposa chikhatho cha dzanja. Choncho nkhani ya amene ayenera kugwira tayala likaphwa kapena likatha ikutikhudza tonse, oyendetsa ndi okwera omwe. Maganizo athu ndi awa: mwini njinga aliyense ndi woyendetsa aliyense aphunzire kuchotsa wilo, kumata chubu ndi kusintha tayala yekha pakhomo. Koma ndalama imene yapulumuka kwa makaniko ibwerere ku tayala komweko. Munthu wosintha yekha n'kumayendabe ndi tayala lotha mano wangounjika ngozi pamwamba pa ngozi inzake.

Tiyambe ndi ndalama, popeza ndi imene imayambitsa mkangano wonse. Ngakhale mitengo ya labala imalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, matayala ndi machubu a njinga zamoto amene timagula m'mashopu a ku Limbe amachokera kunja, makamaka ku China ndi ku India. Chilichonse chochokera kunja chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mtengo wa tayala unakwera limodzi ndi wa petulo ndi wa oyilo, pamene wokwera kabaza wa kumudzi akadali yemwe uja wodalira dengu la masamba. Woyendetsa akafuna kukweza mtengo wa ulendo, wokwera amasankha kuyenda pansi. N'zomveka kuti wakabaza akuyang'ana paliponse pamene angachepetseko zolipira, ndipo ndalama yopatsa wokonza matayala ndi imodzi mwa zoyamba kuziganizira.

Komabe tikawerengera moona mtima, ndalama yolipira wokonza ndi yochepa tikaiyerekeza ndi mtengo wa tayala lenilenilo. Chimene chimapweteka kwambiri ndi nthawi. Tayala silisankha malo ophwera. Likaphwa pakati pa minda, kutali ndi malo ochitira malonda, woyendetsa wosadziwa kumata amakhala ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kukankha njinga mtunda wautali padzuwa, wokwera atatsika n'kukwera ina, kapena akhoza kuyenda nalo tayala lakuphwalo, zimene zimang'amba chubu pa valavu, kuphwanya nthiti za tayala ndi kupinda limu. Njira yoyamba imadya theka la tsiku. Yachiwiri imasandutsa vuto la munga umodzi kukhala vuto la wilo lonse. Kwa mnyamata woyendetsa njinga ya bwana, amene madzulo ayenera kukapereka ndalama yomwe anagwirizana, kaya tsikulo linayenda kaya ayi, theka la tsiku ndi ndiwo za ana. Kwa wonyamula mkaka, maola awiri padzuwa ndi okwanira kuti mkakawo ukakanidwe pofika. Munthu amene ali ndi zitsulo zochotsera tayala, zigamba, solushoni ndi pampu pansi pa chishalo amabwerera pamsewu ola lisanathe.

Ndi bwino kudziwanso kuti tayala lotheka kuchotsa pa limu analipangira zimenezi. John Boyd Dunlop atapanga tayala lopopa mphepo ku Belfast mu 1888, matayala oyambirira ankamatidwa pa wilo ndi guluu, moti likabooka pankafunika maola ambiri kulikonza ndi kudikira kuti liume. Mu 1891 abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anatulutsa tayala limene wokwera njinga akanatha kulichotsa ndi kulikonza yekha panjira, ndipo chaka chomwecho Charles Terront anapambana mpikisano wa njinga wochokera ku Paris kupita ku Brest n'kubwerera atakwera pa matayala amenewo. Kuyambira pamenepo, kuchotsa tayala ndi ntchito imene anaikonza kuti mwini njinga aziitha. Ife amene tinakulira pa njinga yakapalasa tikudziwa kale chiyambi chake. Mwana wa sitandade 7 amatha kuviika chubu m'beseni la madzi n'kupeza pamene pakutuluka thovu. Njinga yamoto imagwiritsa nzeru yomweyo, kungoti tayala lake ndi louma, wilo lake ndi lolemera, ndipo kulakwitsa kwake kumalipidwa pa liwiro lalikulu.

Phindu lalikulu la kusintha wekha ndi loti umayamba kulidziwa tayala. Munthu amene amangopereka njinga kwa wokonza n'kupita kukamwa thobwa sadziwa chimene chalembedwa m'mbali mwa tayala lake, pamene zonse zofunika zili pomwepo. Manambala ngati 2.75-17 kapena 3.00-18, amene timawaona pa njinga zambiri za kabaza, amanena kutambalala kwa tayala ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Tayala la 18 silingakhale pa limu la 17, ndipo chubu nachonso chili ndi saizi yake. Chubu chachikulu chimapindika mkati n'kubookera popindikapo, chaching'ono chimatanuka mpaka kupyapyala. Pafupi ndi manambala amenewa pamakhala nambala ina yotsatana ndi chilembo, monga 42P kapena 52P. Nambalayo imanena kulemera kumene tayala limodzi lingasenze: 42 ndi makilogalamu 150, 47 ndi makilogalamu 175, 52 ndi makilogalamu 200. Tiwerengere limodzi. Njinga yokha imalemera makilogalamu oposa 100. Tiikepo woyendetsa, anthu awiri kumbuyo ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, tikumbukirenso kuti gawo lalikulu la kulemera kumeneku limagwera tayala lakumbuyo. Sipafunika digiri ya masamu kuti tione kuti malire adutsidwa kalekale.

Pa matayala ambiri pamakhalanso manambala anayi onena nthawi imene tayala linapangidwa. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2322 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Labala amakalamba ngakhale tayala litangokhala pa shelefu. Amauma, amachita timing'alu, ndipo sagwiranso bwino pansi. Makampani akuluakulu opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 liziunikidwa mosamala chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano ake akuoneka abwino. Pali kamuvi kosonyeza mbali imene tayala liyenera kuzungulira, chifukwa mizere yake anaijambula kuti izikankhira madzi ndi matope kunja. Mkati mwa mizereyo muli timapiri ting'onoting'ono ta labala, nthawi zambiri moyang'anizana ndi zilembo za TWI m'mbali. Mano akatha mpaka kufanana ndi timapiri timeneti, tayala lamaliza ntchito yake. Wodziwa zinthu zimenezi sangagulitsidwe tayala lokhalitsa pa mtengo wa latsopano, ndipo sangadikire kuti ulusi uyambe kuoneka.

Tsono ntchitoyo imagwiridwa bwanji kuti isasanduke msampha? Zipangizo zake si zambiri: masipanala a saizi yoyenera, pulayala, zitsulo zochotsera tayala ziwiri kapena zitatu zosalala kunsonga, kachitsulo komasulira mtima wa valavu, pampu, geji yoyezera mphepo, madzi a sopo, zigamba ndi solushoni. Sikuludiraiva si chitsulo chochotsera tayala. Nsonga yake yakuthwa imaboola chubu chatsopano chisanayende ndi mita imodzi, komanso imakanda limu. Njinga iimikidwe pa sitandi yapakati, pamalo olimba ndi osalala. Musanamasule chilichonse, yang'anani mmene zinthu zakhalira, ndipo ngati muli ndi foni jambulani. Tizitsulo tonse tochoka pa ekiselo, chitsulo chimene chimadutsa pakati pa wilo, tindandalikidwe pa nsanza yoyera m'ndondomeko yomwe tachokera. Kachitsulo kamodzi kotalikitsa wilo kakabwerera mbali yolakwika, wilo limapendekeka ndipo mabering'i amatha msanga.

Wilo likachoka, mphepo yonse itulutsidwe pomasula mtima wa valavu, kenako mupondeponde m'mbali mwa tayala kuti milomo yake ilekane ndi limu. Chinsinsi cha ntchito yonse chagona apa. Pakati pa limu pali ngalande. Mukakankhira mlomo wa tayala m'ngalandemo mbali imodzi, mbali yoyang'anizana nayo imapeza mpata wokwerera pamwamba pa limu. Anthu ambiri amene amati tayala la njinga yamoto limafuna mphamvu za amuna atatu amakhala kuti aiwala zimenezi. Zitsulo zizilowa pang'ono, ndipo ziziluma pang'onopang'ono, kufupi ndi kufupi. Mukaona kuti mukulimbana nalo mpaka thukuta kamukamu, imani kaye, muyang'ane ngati mbali inayo ikadali m'ngalande. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chubu chikatuluka, musathamangire kumata. Yendetsani nsanza, kenako zala mosamala, mkati monse mwa tayala kuti mupeze munga, msomali kapena kawaya kamene kanaboola, chifukwa kakatsalamo mudzabwereza ntchito yomweyo musanafike patali. Onaninso lamba wa labala amene amaphimba mitu ya masipoko. Akang'ambika, sipoko imodzi ndi yokwanira kumaboola chubu sabata iliyonse, inu n'kumaganiza kuti wina wakulodzani. Pomata, palani malowo kuti akhakhale, pakani solushoni wochepa, mudikire kuti aume mpaka asamamatire chala, kenako ikani chigamba n'kuchitsindika. Pobwezera, popani chubu pang'ono kuti chikhale ndi thupi. Chubu chakuphweratu chimapindika ndipo chimapanidwa mosavuta ndi chitsulo. Milomo ya tayala ipakidwe madzi a sopo. Oyilo wakuda kapena girisi asayandikire, chifukwa amadya labala komanso amachititsa tayala kuterera pa limu mukagwira buleki, mpaka kuzula valavu. Mukapopa, yang'anani kamzere kozungulira m'mbali mwa tayala pafupi ndi limu. Kakhale kotalikirana mofanana ndi limu kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri, ndipo valavu iime chilili.

Mphepo iyezedwe ndi geji, tayala lili lozizira. Chala chachikulu chimatha kuyeza tayala la njinga yakapalasa, koma tayala la njinga yamoto limamveka lolimba ngakhale mphepo itachepa kwambiri. Muyeso woyenera umalembedwa m'buku la njinga kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo nthawi zambiri pamakhala miyeso iwiri, wa munthu mmodzi ndi wa anthu awiri. Tayala lochepa mphepo limapindikapindika likamazungulira, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha ndi kumene kumamatula zigamba ndi kuphulitsa chubu. Limadyanso petulo wambiri ndipo limatha msanga m'mbali. Geji ndi kachipangizo kotsika mtengo, koma ndi kamene kamasowa pa masiteji ambiri.

Mbali imene imatidetsa nkhawa kwambiri ndi yobwezera wilo lakumbuyo. Pochotsa wilo limeneli mumakhala mwamasula tcheni, ndodo ya buleki ndi chitsulo chogwira mbale ya buleki kuti isazungulire limodzi ndi wilo. Chitsulo chimenechi chikaiwalika, kapena nati yake ikasiyidwa yosalimba, njinga imanyamuka bwinobwino, ndipo vuto limadzaonekera pa nthawi imene mwaponda buleki mwamphamvu, mwina potsetsereka m'mphepete mwa phiri la Chiradzulu muli ndi munthu kumbuyo. Zizindikiro za zokokera tcheni zifanane mbali zonse ziwiri kuti wilo liloze kutsogolo. Tcheni chikhale ndi mpata wosewera, pa njinga zambiri zing'onozing'ono pafupifupi masentimita 2 kapena 3. Nati ya ekiselo imangidwe zolimba, ndipo kapini kake kabwerere. Msomali wopindika kapena waya wa mpanda sizilowa m'malo mwa kapini. Pomaliza zungulitsani wilo ndi dzanja, yesani mabuleki onse njinga ili chiimire, kenako yendani nayo nokha pang'onopang'ono musanakweze munthu. Tayala latsopano limakhala loterera masiku oyamba, choncho makilomita 100 oyambirira ayendedwe modekha, makamaka pokhota.

Alipo amene angatitsutse kuti zonsezi n'zambiri kwa munthu wamba, ndipo nzeru zatheka n'zoopsa kuposa umbuli. Mfundo yawo ndi yolemera, ndipo sitikuipeputsa. Tayala lokhala ndi chubu likabooka kwambiri limataya mphepo nthawi imodzi, mosiyana ndi lopanda chubu limene nthawi zambiri limaphwa pang'onopang'ono, ndipo njinga zokhala ndi masipoko zimene zadzaza m'misewu yathu zimayendera machubu. Tayala lakutsogolo likaphwa mwadzidzidzi, chiwongolero sichimveranso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo kuno kwathu madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa anthu ovulala pa njinga za kabaza. Sitingawonjezere pa chiwerengero chimenechi pofuna kusunga ndalama ya sopo. Koma yankho la nzeru zatheka ndi kumaliza kuphunzira. Tisaiwalenso kuti woyendetsa wosadziwa kalikonse sangathe ngakhale kuona kuti wokonza wotanganidwa, amene ali ndi njinga zisanu pamzere, waiwala kapini. Amene anachotsapo wilo ndi manja ake amadziwa poyang'ana asananyamuke, kaya ntchitoyo wagwira yekha kaya wagwira wina.

Ena anganene kuti tikulanda nsima pakamwa pa wokonza matayala amene amakhala pansi pa mtengo wa mango pa msika, amenenso ali ndi ana asukulu. Nkhawa imeneyi ndi yaumunthu. Koma ntchito ya mmisiri ameneyu sidzatha. Limu lopindika, masipoko oduka kapena olekerera, mabering'i olira, mabuleki otha, tayala lopanda chubu lokana kukhala pa limu popanda pampu ya makina, zonsezi n'zake, ndipo ife tikulimbikitsa kuti zizipita kwa iye msanga. Woyendetsa amene amaunika wilo lake pafupipafupi amazindikira mavuto amenewa akadali aang'ono n'kupita nawo kwa mmisiri, m'malo modikira kuti njinga igone. Ndipotu mphunzitsi wabwino wa ntchito imeneyi ndi mmisiri yemweyo. Ulendo woyamba ndi wachiwiri, mulipireni kuti akhale pambali panu inu mukugwira zitsulo, akudzudzuleni pamene mwalakwitsa. Makanema a pa YouTube amathandiza, koma foni singakuuzeni kuti chitsulo chanu chapana chubu. Safunsa anadya phula.

Tsopano tifike pa theka lachiwiri la mfundo yathu, limene ndi lovuta kulimva. Mtima wofuna kusunga ndalama ukayamba, sudziwa polekera. Amene wapulumutsa ndalama ya wokonza amayamba kuganiza zopulumutsanso ya chubu, kenako ya tayala. Tonse tinaonapo chubu chokhala ndi zigamba zosanjikizana, china pamwamba pa chinzake. Tinaonapo tayala long'ambika m'mbali litaikidwa chidutswa cha tayala lina mkati, kapena litasokedwa ndi ulusi wa nsapato. Tinaonapo tayala losalala ngati mutu wometa mpala likuchotsedwa kumbuyo n'kuikidwa kutsogolo, kumene kuli kuika chiwongolero ndi buleki yamphamvu pa labala wotha. Izi zimatheka mosavuta pakhomo, pamene palibe wokufunsa. Nthiti za tayala zimapindika nthawi iliyonse likazungulira, moti chigamba sichikhalapo, ndipo tayala long'ambika pamenepo ndi lotayidwa. Chubu chobooka pafupi ndi valavu, chong'ambika motalika, kapena chimene chamatidwa kangapo kale, chisinthidwe. Tayala latsopano lilowe ndi chubu chatsopano, chifukwa chakale chimakhala chitatanuka.

Nyengo yathu nayonso siikhululukira tayala lotha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu yafumbi ya ku Chiradzulu imasanduka matope oterera, ndipo namondwe wa Freddy, amene anasakaza boma lino mu Malichi 2023, anatikumbutsa mmene madzi amakumbira misewu ndi kugumula milatho. Pa dothi lonyowa, mano a tayala ndi okhawo amene amagwira pansi. Ngakhale pa tala, mvula ikangoyamba, mizere ya tayala ndi imene imachotsa madzi kuti labala agunde msewu. Tayala losalala likhoza kuyenda miyezi ya chilimwe popanda chochitika, mwini wake n'kumadzitama kuti ndi lolimba, koma mvula yoyamba ndi imene imapereka chigamulo. Nthawi yabwino yogula tayala ndi Okutobala, mitambo isanayambe kuda.

N'chifukwa chake tikuti ndalama yopulumuka ibwerere ku tayala. Njira yake ndi yapafupi. Nthawi iliyonse imene mwamata kapena kusintha nokha, tengani ndalama imene mukanapatsa wokonza muiike padera, kaya m'kachitini, kaya pa foni, kaya ku banki mkhonde. Muwonjezerepo kangachepe tsiku lililonse, chifukwa tayala limatha tsiku lililonse ngati petulo, kungoti bilu yake imabwera kamodzi. Tsiku logula likafika, simudzakakamizika kutenga lotsikitsitsa mtengo kapena logwiritsidwa kale ntchito. Eni njinga amene amalemba anyamata ntchito ali ndi udindo waukulu pano. Si chilungamo kulandira ndalama ya tsiku ndi tsiku n'kusiyira mnyamata nkhani ya matayala, kenako n'kumudzudzula akagwa. Pa mgwirizano wawo zidziwike poyera kuti tayala amagula ndani, ndipo limasinthidwa likafika pati.

Chiradzulu si boma lachilendo pa nkhani ya ntchito zamanja. Mu 1900 John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo dzina lenilenilo likusonyeza kuti ankafuna kuti buku liziyenda limodzi ndi luso la manja. Lero lino sukulu ya ntchito zamanja ya Mikolongwe ili m'boma lomweli, ndipo bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira maphunziro a luso m'dziko muno kuyambira 1999. Koma kuphunzira kusintha tayala sikufunika kudikira kosi ya miyezi. Masiteji ambiri a kabaza ali ndi tcheyamani ndi komiti, ndipo amasonkha ndalama pakagwa maliro kapena matenda. Gulu lomwelo likhoza kugula bokosi limodzi la zipangizo, lokhala ndi geji ndi pampu yabwino, n'kuitana mmisiri masana amodzi kuti aphunzitse onse. Likhozanso kugwirizana kuti njinga ya tayala losalala isaime pamzere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo lamulo lochokera kwa anzako a pa siteji limamveka msanga kuposa lochokera kwa wapolisi amene umakumana naye kamodzi pa mwezi.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi gawo lathu. Ambiri a ife tidzatumizidwa ku sukulu za kumudzi, kumene njinga yamoto idzakhale galimoto yathu yoyamba, ndipo ena mwa ana amene tidzawaphunzitse adzakhala oyendetsa kabaza akangomaliza fomu 4. Phunziro la sayansi lonena za mphamvu ya mpweya wopanikizidwa, kukhulana kwa zinthu ndi kutentha lili lonse mu tayala limodzi. Mphunzitsi amene angalowe m'kalasi ndi tayala lakale n'kuuza ana kuti awerenge saizi yake, chaka chake ndi kulemera kumene lingasenze, waphunzitsa masamu ndi sayansi, komanso wateteza mafupa a anthu amene sadzawadziwa n'komwe. Atsikana asasiyidwe kunja kwa phunziro limeneli. Tanena kale kuti ntchitoyi imalira kudekha kuposa mphamvu, ndipo anamwino, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi achizimayi oyenda pa njinga zamoto nawonso amaphweredwa tayala panjira.

Pomaliza pali ife okwera. Tikafika pa siteji timakonda kutsutsana za mtengo wa ulendo mpaka mawu kusasa, koma ndi ochepa amene amaweramira pansi kuona chimene akukwerapo. Kuyang'ana matayala awiri sikutenga nthawi. Ngati mano atha, ngati ulusi ukuoneka, ngati m'mbali muli chotupa kapena mng'alu, tinene mwaulemu kuti, "Achimwene, tayalali latha, ndikwera ina." Poyamba adzakwiya, mwinanso adzatiseka kuti sukulu yatipatsa matama. Koma woyendetsa amene wataya makasitomala atatu tsiku limodzi chifukwa cha tayala adzapita ku Limbe sabata yomweyo. Nafenso tisamakakamize kukwera atatu pa njinga imodzi pofuna kugawana mtengo, popeza tsopano tikudziwa tanthauzo la nambala ija ili m'mbali mwa tayala.

Tikapita kutchuthi, tifunse achimwene, amalume kapena bambo amene ali ndi njinga pakhomo kuti tiwerenge nawo zolembedwa pa matayala awo. Ngati alibe geji, imeneyo ikhale mphatso yathu. Ngati sadziwa kuchotsa wilo, tiwaperekeze kwa mmisiri wa pa msika, tikaphunzire limodzi. Ndipo ngati mano a tayala afanana kale ndi timapiri tija, tisachite manyazi kuwauza kuti njingayo iyambe yaima mpaka latsopano litapezeka.